Mdima Wathu Uli ndi Chuma: Za Kujambula Thambo la Usiku

Pa zinthu zimene ife a ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga timadandaula nazo, mdima uli m'gulu la zoyambirira. Ndipo kudandaulako kuli ndi chifukwa chake, pakuti damu la Cahora Bassa, limene linatha kumangidwa m'chaka cha 1974, lili m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, koma mphamvu yake yambiri imayenda pa nthambo kunka ku South Africa, pamene midzi yambiri ya kuno idakagonabe mu mdima. Magetsi tikuwafuna ndithu: mwana awerenge usiku, mayi achire pa malo owala kuchipatala, chigayo chiyende. Komatu m'nkhani ino tifuna kunena chinthu chimene sichinenedwa kawirikawiri. Mdima womwewo uli ndi chuma chimene anthu a m'mayiko olemera anataya osadziwa, ndipo lero akuchifunafuna ndi ndalama zambiri. Ife chumachi tinachizindikira kudzera m'ntchito ina imene anthu wamba amachita mwa kukonda chabe, ndiyo yojambula nyenyezi, mitambo ya kumlengalenga ndi milalang'amba.

Tiyambe ndi kulongosola zimene ojambulawa amafuna. Kupatula mwezi ndi nyenyezi, kuthambo kuli zinthu zina zooneka ngati utsi kapena nkhungu. Zina mwa izo ndi mitambo yaikulu ya mpweya ndi fumbi, imene akatswiri amaitcha nebula, ndipo m'kati mwa ina mwa mitamboyi ndi m'mene nyenyezi zatsopano zimabadwira. Zina ndi milalang'amba. Mlalang'amba umene timauona utadutsa pakati pa thambo ngati njira yoyera ndi khamu la nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Kunja kwake kuli milalang'amba ina yosawerengeka, uliwonse ndi khamu lakelake. Zonsezi n'zofooka m'kuwala kwake, kotero kuti nyale imodzi yoyaka pafupi imakwanira kuzibisa.

Chifukwa ninji kamera imaona zimene diso silingaone? Diso la munthu ndi chiwalo chodabwitsa, koma lili ndi malire awiri. Choyamba, silisunga kuwala. Likazolowera mdima, zimene zimatenga mphindi 20 kapena 30, lafika pa mapeto a mphamvu yake. Ngakhale mutayang'anitsitsa mpaka tambala alire, chosaonekacho chidzakhalabe chosaoneka. Chachiwiri, mu mdima diso silisiyanitsa mitundu, n'chifukwa chake usiku chitenje chofiira ndi chobiriwira zimaoneka zotuwa zonse. Kamera ili ngati ndowa imene mayi waika pansi pa denga tsiku la mvula yowaza. Dontho limodzi si kanthu, koma ndowayo ikakhala pamenepo tsiku lonse imadzaza. Momwemonso kamera ikasiyidwa chitsegukire kwa masekondi ambiri, kapena kwa maola, imasonkhanitsa timadontho ta kuwala mpaka chimene chinali utsi wotuwa chioneke maonekedwe ake ndi mitundu yake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yonseyi yagona pa mawu amenewa.

Kuwala kumene ndowayi imatunga n'kwakalekale. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku mwezi kumafika kuno m'sekondi imodzi ndi kachigawo kochepa, ndipo kuchokera ku dzuwa m'mphindi 8 ndi masekondi 20. Koma kuchokera ku Alpha Centauri, nyenyezi yoyandikana nafe kuposa zonse zooneka ndi maso usiku, kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo. Mtambo umene uli pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija makolo anazitcha Akamwiniatsatana, umene m'mabuku umatchedwa Orion Nebula, kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 1,300. Mlalang'amba wa Andromeda, umene umaoneka ngati kabanga kotuwa chakumpoto madzulo a Okutobala ndi Novembala, kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni. Munthu woimirira m'munda mwake ndi kamera akulandira kalata imene inatumizidwa agogo a agogo ake asanabadwe, ndipo ngati thambo lake lathimbirira ndi nyale, kalatayo imatayikira pakhomo penipeni itayenda mtunda wonsewo.

Ena angaganize kuti izi ndi za anthu a masukulu apamwamba okha. Mbiri ikutsutsa ganizo limeneli. Woyamba kujambula Orion Nebula anali Henry Draper, dokotala wa ku New York, pa 30 Seputembala 1880, ndipo anasiya kamera yake chitsegukire kwa mphindi pafupifupi 50. M'chaka cha 1883 Andrew Common, amene ntchito yake yopezera chakudya inali ya mipope ndi zaukhondo m'nyumba, anajambula mtambo womwewo kuseri kwa nyumba yake ku London, ndipo chithunzi chake chinaonetsa nyenyezi zimene diso silinkaziona ngakhale poyang'anira m'makina omwewo. M'chaka cha 1888 Isaac Roberts, womanga nyumba wochokera ku Wales, anajambula Andromeda kwa maola anayi, ndipo anthu anaona poyera kuti kabanga kaja n'kozungulirazungulira ngati madzi a pa dziwe lozama. Onse atatuwa sanalembedwe ntchito yoyang'ana kuthambo. Ngakhale m'masiku athu ano zoterezi zikuchitikabe. M'chaka cha 2023 kunalengezedwa kuti anthu atatu ojambula mwa kukonda, Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty, anapeza mtambo waukulu wa mpweya pafupi ndi Andromeda umene akatswiri onse anali asanauone, ataunjika kuwala kwa maola oposa 100.

Africa nayonso ili ndi gawo lake m'mbiriyi. M'zaka za 1751 ndi 1752 Nicolas-Louis de Lacaille wa ku France anakhala ku Cape Town nalemba nyenyezi za kumwera pafupifupi 10,000. Komweko m'chaka cha 1882 David Gill anamangirira kamera wamba pa makina ake oonera kuthambo kuti ajambule nyenyezi yamchira yaikulu imene inaoneka chaka chimenecho. Atatsuka chithunzicho anadabwa ndi unyinji wa nyenyezi zimene zinatuluka kumbuyo kwake, ndipo kuyambira pamenepo anayamba ntchito yolemba mapu a thambo pogwiritsa ntchito zithunzi. Anthu amenewa anachita kuoloka nyanja kudzafuna thambo limene ife tinabadwira pansi pake.

Taonani tsono zimene zili pamwamba pa madenga athu. Dera lathu lili pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndipo malo amenewa ndi amwayi. Madzulo a Epulo, Meyi ndi Juni, Mtanda wa Kumwera umaima bwino pamwamba. Pambali pake pali banga lakuda bii lonenedwa kuti Thumba la Makala. Banga limeneli si dzenje, koma ndi mtambo wa fumbi umene ukutchinga nyenyezi za kumbuyo kwake. Chakumadzulo kwa Mtandawo kuli Carina Nebula, mtambo waukulu ndi wowala kuposa wa Orion uja, umene kuwala kwake kwayenda zaka zoposa 7,000. Chakumpoto kwa Mtandawo kuli Omega Centauri, kooneka ngati kanyenyezi kothimbirira, pamene ndi mpira wa nyenyezi mamiliyoni. M'miyezi yozizira ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, mtima weniweni wa Mlalang'amba wathu umadutsa pafupi ndi paliwombo pathu. Ndipo kuyambira Okutobala mpaka Januwale, chakumwera kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, totchedwa Mitambo ya Magellan. Imeneyi ndi milalang'amba iwiri yaing'ono yoyandikana ndi wathu. Kuwala kwa waukuluwo kumatenga zaka pafupifupi 160,000, ndipo kwa waung'onowo pafupifupi 200,000. M'mtambo waukuluwo munaphulika nyenyezi imene inaoneka pa 24 Febuluwale 1987, ndipo mmodzi mwa oyamba kuiona anali Albert Jones wa ku New Zealand, munthu wamba woyang'ana kuthambo ali pakhomo pake. Wokhala ku London sangaone Mtanda wa Kumwera, Carina Nebula, Omega Centauri kapena Mitambo ya Magellan, ngakhale atakhala ndi makina okwera mtengo chotani, pakuti zimenezi sizituluka konse kuthambo la kwawoko.

Ife tinayamba kuona ntchitoyi ndi maso athu usiku wina wa mwezi wa Juni, titapita kukacheza ndi mpingo wina wa kumudzi kufupi ndi phiri la Domwe. Mphunzitsi wina wa mu mpingomo anali ndi kamera yakale imene anagula kwa munthu. Analibe miyendo itatu yoimikapo kamerayo, motero anaikhazika pa thumba la nyemba pamwamba pa mpando, nailozetsa ku Mtanda wa Kumwera. Mwezi unali utafa, kunja kukuzizira monga mudziwira kuzizira kwa kuno, ndipo mame ankafuna kuphimba galasi la kamera nthawi ndi nthawi. Anajambula zithunzi zambirimbiri za malo amodzimodziwo, chilichonse cha masekondi 15. Chithunzi chimodzi pachokha sichinali chokopa. Chinali chakuda, chodzaza ndi timadontho tachabechabe ngati mchenga. Koma m'mawa mwake ataziphatikiza zonse pa kompyuta, mchenga uja unasungunuka, Thumba la Makala linaoneka m'mphepete mwake, ndipo Carina Nebula inatuluka yofiirira ngati duwa. Mkulu wina wa mpingo, bambo wa imvi amene wakhala pansi pa thambo limenelo moyo wake wonse, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali ali chete, kenaka anafunsa ngati kufiirako kunalipo masiku onse amene iye ankabwerera kuchokera kudimba usiku. Yankho lake ndi lakuti inde, kunalipo. Kufiirako kumachokera ku mpweya wa haidrojeni umene ukuyaka ndi mphamvu ya nyenyezi zotentha za m'katimo.

Kwa achinyamata ofuna kuyesa, nazi zofunika kudziwa. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, motero nyenyezi zimaoneka kuyenda, ndipo kamera yosasuntha ikatsegulidwa nthawi yaitali nyenyezi zimasanduka timizere. Ndi galasi loona dera lalikulu, monga la mamilimita 18, masekondi 15 mpaka 20 ndi okwanira. Chinsinsi chili m'kuphatikiza zithunzi zambiri, pakuti kuwala kwenikweni kwa nyenyezi kumabwerezedwa pa chithunzi chilichonse, pamene timadontho tachabechabe timasinthasintha malo ndipo timafafanizana. Zithunzi 100 zophatikizidwa zimayera kakhumi kuposa chimodzi. Mapulogalamu ochitira zimenezi, monga Siril ndi DeepSkyStacker, amapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo ina yotchedwa Stellarium imasonyeza dzina ndi malo a nyenyezi iliyonse. Ngakhale mafoni ena a masiku ano amalola kutsegula kamera kwa masekondi 30, ndipo foni yotero ikatsamiritsidwa pa njerwa imatha kugwira Mlalang'amba.

Wofuna kupitirira pamenepo angathe kudzipangira chotsatira nyenyezi ndi manja ake. M'chaka cha 1975 George Haig wa ku Scotland anafalitsa njira yogwiritsa ntchito matabwa awiri olumikizidwa ndi hinji ya chitseko. Kamera imakhala pa thabwa la pamwamba, ndipo bawuti yodutsa m'thabwa la pansi imakankha la pamwambalo pang'onopang'ono. Ngati bawutiyo imayenda milimita imodzi ikazungulira kamodzi, iikidwe masentimita pafupifupi 23 kuchokera pa hinji, ndipo izunguzidwe kamodzi pa mphindi iliyonse, motsata dzanja la masekondi la wotchi. Hinjiyo iloze pa malo amene thambo lonse la kumwera limazungulirapo. Malowo amapezeka potalikitsa mzere wautali wa Mtanda wa Kumwera kanayi ndi theka kunka kumwera, ndipo kwa ife ali madigiri pafupifupi 15 pamwamba pa malekezero a dziko. Kalipentala aliyense wa pa msika wa Ulongwe angathe kupanga chida chimenechi tsiku limodzi.

Pali machenjezo awiri amene sitingawasiye. Loyamba ndi la kuona mtima. Kuwalitsa chithunzi kuti zofooka zioneke si kunama, pakuti kuwalako kunafikadi m'kamera. Koma kuwonjezera nyenyezi zimene kunalibe, kapena kutenga chithunzi chopekedwa ndi kompyuta n'kumati ndajambula ndine, limenelo ndi bodza ngati bodza lina lililonse. Ojambula okhulupirika amalemba pansi pa chithunzi malo, tsiku, chida ndi maola amene anatenga, kuti wina athe kuyesa yekha. Lachiwiri ndi la chitetezo. Munthu woima yekha kutchire pakati pa usiku ndi zida zachilendo angathe kuganiziridwa zoipa. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za m'chaka cha 2017, zimene zinaphetsa anthu osalakwa kwa anansi athu ku Malawi. Chotero wojambula ayambe wakaonekera kwa amfumu, afotokozere oyandikana nawo, asapite yekha, ndipo koposa zonse awaonetse anthu zithunzizo. Chimene anthu achiona ndi maso awo sachiopa. Tinenenso poyera kuti ntchitoyi ilibe chiyanjano ndi kuombeza kapena kufunsira mwayi kwa nyenyezi. Wojambula safunsa nyenyezi za mawa lake. Amangolandira kuwala kwake n'kukuyeza.

Tsopano tifike pa chimene chatilembetsa nkhaniyi. Thambo lotereli likutha pa dziko lapansi. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse pa dziko sangathenso kuona Mlalang'amba ali kwawo, chifukwa cha kuwala kwa magetsi kumene kumamwazikira kumwamba. Wina wa m'chaka cha 2023 anasonyeza kuti pakati pa 2011 ndi 2022, kumene anthu anayezako, thambo la usiku linkathimbirira ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse chaka ndi chaka. N'chifukwa chake ojambula a ku Ulaya amalipira ulendo wautali kupita ku mafamu a ku Namibia kukangofuna mdima, ndipo m'chaka cha 2012 malo a NamibRand m'dzikomo anazindikiridwa monga malo otetezedwa chifukwa cha thambo lake lakuda. Kuno kwathu chiyambi cha kuthimbirira chikuoneka kale. Woyandikira mzinda wa Tete kapena Moatize usiku amaona thambo layera ngati kukucha, ndipo nyenyezi zofooka zazimirira. Kuwonjezera apo, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, utsi wa moto wolusa umene timayatsa tokha m'tchire umaphimba thambo kwa milungu yambiri.

Boma linaika cholinga chakuti pofika chaka cha 2030 aliyense m'dziko la Mozambique akhale ndi magetsi, ndipo ife tikulakalaka tsiku limenelo. Koma walira mvula walira matope. Ubwino wake ngwakuti matope amenewa ndi opeweka, ndipo kuwapewa sikulira ndalama. Kuwala kopita kumwamba sikuthandiza munthu aliyense. Sikuunikira njira, sikuthamangitsa mbala, kumangotha ndalama za mwini nyumba. Babu la panja livekedwe chisoti, ngakhale cha chitini chakale, kuti kuwala kwake kugwere pansi pamene pali mapazi a anthu. Nyale yosafunika izimitsidwe anthu akagona. Posankha mababu a panja, achikasu ndi abwino kuposa oyera mbee aja, pakuti kuwala koyera mobiriwira ndiko kumamwazika kwambiri mumlengalenga. Makomiti omanga matchalitchi, masukulu ndi zipatala aganizire zimenezi pamene akuika nyale, pakuti n'kosavuta kuyamba bwino kusiyana ndi kukonza pambuyo. Mayiko amene anataya thambo lawo akuvutika kulibweza. Ife tidakali ndi mwayi wolandira magetsi popanda kutaya nyenyezi.

Kwa ife owerenga Malembo palinso chifukwa china. M'buku la Genesis timawerenga kuti Abrahamu anatulutsidwa panja usiku nauzidwa kuyang'ana kumwamba ndi kuyesa kuwerenga nyenyezi. Pa malo a mdima weniweni diso limaona nyenyezi zoposa 2,000 nthawi imodzi, pamodzi ndi Mlalang'amba umene nyenyezi zake sizingalekanitsidwe. Koma mwana wokulira pakati pa mzinda waukulu akatuluka panja amaona nyenyezi zochepa zoti angathe kuziwerenga n'kumaliza. Kodi mwana wotereyu adzamva bwanji kukula kwa lonjezo lija? Omasulira Baibulo m'chinenero chathu atafika pa mayina a nyenyezi m'buku la Yobu, sanasowe mawu. Anapeza Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba zili kale pakamwa pa makolo athu, chifukwa makolowo ankalidziwa thambo lawo. Mayina amenewa adzakhala ndi moyo pokhapokha ngati zinthu zotchulidwazo zikuonekabe.

Chotero pempho lathu ndi ili. Mwezi ukadzafanso, sankhani usiku umodzi wopanda mitambo. Zimitsani nyale ndi mafoni, tulukani ndi ana pabwalo, ndipo dikirani theka la ola kuti maso azolowere. Agogo alozere adzukulu Nsangwe ndi Nthanda pa nyengo yake, natchule mayina ena amene akuwakumbukira. Aphunzitsi awalembe mayinawo asanatayike. Amene ali ndi kamera kapena foni yotha kutero, aiike pa thumba la nyemba, ajambule, nasunge chithunzicho pamodzi ndi tsiku lake ndi dzina la mudzi. Zaka 20 zikubwerazi chithunzi chimenecho chidzakhala mboni, kaya ya chimene tinasunga kapena ya chimene tinataya.